Mlandu wa Pusi Uzengedwenso

Makolo athu anaufulumirira mlandu wa pusi. Anangoti ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada, basi bwalo n'kubalalika. Palibe anafunsa kuti pusiyo anali ndi zaka zingati, maso ake ankaona bwino kapena anali ndi ng'ala, nthambi inali youma kapena yonyowa, kapenanso ngati m'mawa wa tsikulo anali atamwa mapiritsi a BP. Onse anagwirizana kuti ndi dyera. Ine ndikuchita apilu, chifukwa amene akugwa chagada masiku ano si pusi ayi, ndi agogo athu.

Taonani gogo wa ku Tsangano akutsika kumunda. Dengu la mbatatesi lili pamutu, khasu lili paphewa, kanjira n'kotsetsereka ndipo kanyowa ndi mame, kumapazi kuli mapatapata oti kunsi kwake kunasalala kalekale. Apo foni yalira m'kathumba ka pachifuwa. Ndi mdzukulu wa ku Joni. Kuisiya n'kosatheka, poti mwina ndi nkhani ya ndalama, ndipo mwana ameneyu mukapanda kumuyankha amatha miyezi iwiri ali zii. Dzanja lomwe limachirikiza dengu lapita kukasaka foni, maso achoka pansi, mutu wayamba kale kuwerengetsa kuti marandi akasinthidwa akhala makwacha angati. Phazi latsala lokha lopanda woliyang'anira. Mbatatesi zimatsogola kudambo, mwini wake n'kumazitsatira chagada.

Dyera lili pati pamenepa? Munthu amafuna kufika kunyumba komanso kuyankha mdzukulu wake, basi.

Tisaseke mpaka kuiwala kuti nkhaniyi imathera kumanda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amafa chifukwa cha kugwa, ndipo pa ngozi zonse ndi za pamsewu zokha zomwe zimapha anthu ambiri kuposa apa. Mwa anthu 100 alionse ofa chotere, oposa 80 ndi a m'maiko osalemera ngati lathuli, ndipo amsinkhu wopitirira zaka 60 ndiwo amachuluka. Mwa anthu atatu alionse a zaka 65 kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi amagwa chaka chisanathe. Mwana akagwa amalira, kusasa fumbi, n'kupitiriza phada. Gogo akagwa chimathyoka ndi fupa la m'chiuno kapena la ntchafu, ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma chithandizo chake n'kukoka mwendo ndi chingwe chomangirira zolemera, wodwala ali chigonere masabata 6 kapena kuposa. Pabedi pamenepo ndiye pamabwera zilonda za pamsana ndi chibayo, uku wodikirira matenda wasiya munda wake ukumera thengo. Pusi uja ndiye anachita mwayi, anadzuka n'kukweranso mtengo womwewo.

Mboni yanga yoyamba ikuchokera ku Umeå, m'dziko la Sweden. Mu 1997 Lillemor Lundin-Olsson ndi anzake anafalitsa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet zomwe anaona pa okalamba 58. Ankayenda nawo n'kuyambitsa macheza. Okalamba 12 ankaima kaye kuti ayankhe, ndipo mwa iwowa 10 anagwa miyezi 6 isanathe. Chifukwa chake n'chakuti kuyenda si ntchito ya miyendo yokha. Maso, m'kati mwa khutu ndi kunsi kwa phazi zimatumiza uthenga ku ubongo nthawi zonse wonena komwe thupi lapendekera. Paunyamata ubongo umagwira ntchito imeneyi mosazindikira n'komwe. Munthu akamakula maso amachita chidima, mapazi amachita dzanzi, minofu imachedwa kumva, ndiye ubongo umayenera kuikapo mtima wonse. Ukapatsidwa ntchito ina yowonjezera, imodzi imatayika.

Koma azungu aja akanati abweretse muyeso wawowo pa boma la Ntcheu, akanalemba kuti boma lonse ligwa Khirisimasi isanafike. Kuno ndani amapereka moni akuyenda? Umaima, umapatuka panjira, umaomba m'manja, umafunsa za ana, za ng'ombe, za mvula, za chifuwa cha apongozi, ndiye pambuyo pake phazi limanyamuka. Makolo anatiphunzitsa kuti pakamwa pakatseguka miyendo iime, ndipo ife timayesa ndi ulemu chabe pamene unalinso chitetezo. Foni ndiyo yaphwanya mwambo. Munthu akupereka moni kwa wina amene ali ku Johannesburg, uku akudumpha mizere ya m'munda.

Mankhwala amene mwambi umapereka ndi oti siya chimodzi, gwira chimodzi. Pa malo ena ndikuvomereza ndi manja awiri. Potsika minibasi pa Kampepuza, potsika kabaza, popita kuchimbudzi usiku, posamba pa miyala ya m'bafa yomera ndere, foni ilire mpaka itope. Woimbayo ngati ali ndi ndalama zenizeni aimbanso.

Vuto n'lakuti moyo sufunsa kaye ngati mwamaliza ntchito yoyamba. Njinga yamoto imaliza hutala kumbuyo kwanu muli pakati polumpha ngalande. Mbuzi imadutsa ndi chingwe chake pamene mukuitana mwana. Nkhuku sidziwa kuti mwasenza madzi. Amene anazolowera kuchita chinthu chimodzi chokha ndiye amagwa tsiku lomwe zinthu ziwiri zamufikira pamodzi. Apa ndi pomwe ndikusiyana ndi oweruza akale. Pusi sanagwe chifukwa chofuna zipatso ziwiri. Apusi anzake amathyola ziwiri tsiku ndi tsiku osagwa. Iyeyu anali atakhala pansi nthawi yaitali, ndipo ndikukayikira kuti anamukhazika pansi ndi adzukulu ake.

Inde, adzukulu, ifeyo. Tili ndi mawu okoma amene amapha miyendo ya okalamba: "Agogo, khalani pansi, tikuchitirani." Timawalanda chidebe, timawalanda tsache, madzi osamba timawapititsira, nsima imawapeza pamphasa. Wa m'tauni amabwera ndi mpando wa ndalema, uja woti munthu akalowamo pamafunika anyamata awiri omuzula. Minofu ya ntchafu ikapanda ntchito imafota msanga, makamaka paukalamba. Akangogwa kamodzi pamabwera mantha, mantha amawakhazika pakhonde, kukhala kumafooketsa miyendo, miyendo yofooka imawagwetsanso. Ife n'kumauza alendo kuti agogo timawasamala kwambiri, satola ngakhale kachitsotso.

Mboni yachiwiri ndi ya ku New Zealand. Pa yunivesite ya Otago, John Campbell ndi Clare Robertson anakonza masewero olimbitsa miyendo ndi kukhazikitsa thupi, ochitira pakhomo pomwe, pafupifupi mphindi 30 katatu pa sabata, kuphatikizapo kuyenda. Mwa okalamba amene anawatsatira, kugwa kunachepa ndi 35 pa 100. Mu 2019 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa kafukufuku 108 wa anthu oposa 23,000 ndipo linapeza kuti masewero amachepetsa kugwa ndi 23 pa 100, makamaka aja ophunzitsa thupi kuima mosagwedezeka. Musafulumire kunena kuti agogo amalima ndipo amayenda wapansi mpaka kuchigayo, ndiye zawakwanira. Kulima ndi kuyenda n'zabwino, koma sizikakamiza thupi kuima ndi mwendo umodzi, kutembenuka mwadzidzidzi kapena kubwerera chambuyo, pomwe kugwa kumachitikira pamenepo.

Mboni yachitatu ndiyo inandiseketsa. Ku Geneva, mu 2011, madokotala anafalitsa zotsatira za okalamba 134 amene ankayenda motsatira nyimbo ya piyano, kusintha mayendedwe nyimbo ikasintha, manja akuchita zina miyendo ikuchita zina. Patatha miyezi 6 kugwa kunachepa kupitirira theka. Anthu anagula piyano kuti apeze chimene Angoni a kwa Gomani amachita pabwalo lafumbi.

Muonetsetseni mkulu akuvina ngoma. Dzanja limodzi lagwira chishango, lina chibonga. Mwendo wakwera m'mwamba, thupi lonse latsamira pa unzake, kenako phazi likutsika pansi kuti dii, pa nthawi yake yeniyeni, limodzi ndi anzake onse pamzere. Khutu lili kwa amayi oimba ndi kuomba m'manja, pakamwa pakuvomera nyimbo, diso lili pa mtsogoleri kuti atembenukira kuti. Ichi chakoma, ichi chakoma, ichinso chakoma, koma munthu sakugwa. Amayi nawo ali ndi magule awo, uyeni ndi msindo. Chovuta n'chakuti ambiri amasungira zimenezi tsiku la Umhlangano ku Nkolimbo, pomwe Angoni a Maseko amasonkhana kufupi ndi manda a Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Umhlangano umachitika kamodzi pachaka, pamene malangizo a WHO a 2020 amati okalamba azichita masewero a mphamvu ndi kukhazikika kwa thupi masiku atatu kapena kuposa pa sabata. Ndinenenso, poti ndife Angoni timadziwana: ngoma yovina chipanda cha masese chitapita kale m'mimba siili m'gulu la mankhwala. Imeneyo ili m'gulu la matenda.

Amene wakhala pakhonde zaka zitatu asayambire kuponda ngoma. Ayambire pampando wolimba wotsamira khoma: kuimirira, kukhala, kuimirira, kakhumi, manja ali pachifuwa ngati angathe. Kenako agwire khoma kapena mtengo wa nkhokwe n'kuima ndi mwendo umodzi, asinthe, anyanyamphire pa zala, ayende chammbali, ayende chidendene chikugunda zala za phazi linalo. Zikayamba kuphweka, mutu upatsidwe yake ntchito: akuyenda pabwalo losesa bwino, wina ali pambali, atchule maina a adzukulu kuyambira wamng'ono kukafika kwa wamkulu, kapena malo oima basi kuchokera pa Lizulu mpaka pa Chingeni, kapena awerenge chobwerera kuchokera pa 100 akuchotsa atatuatatu. Agogo ena akafika pa maina a adzukulu amakhumudwa ndithu, koma si mlandu wa miyendo, ndi mlandu wa makolo amakono otcha ana maina a osewera mpira a ku England.

Mdzukulu amene foni siichoka m'manja apatsidwe udindo wowerenga nthawi. Agogo anyamuke pampando, ayende mamita atatu, atembenuke, abwerere n'kukhala. Zikatenga masekondi 12 kapena kuposa, achipatala amati munthuyo ali pa chiopsezo chogwa, ndipo ndi bwino akaonane ndi dokotala kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo.

Zina sizitheka ndi masewero. Ngati chizungulire chimabwera poimirira, munthu azikhala kaye m'mphepete mwa bedi asananyamuke, ndipo akafotokoze kuchipatala, chifukwa nthawi zina ndi mankhwala a BP amene afunika kuwaonanso. Kuwasiya mwa iwe wekha ndiye kuitana sitiroko. Dzanzi la kumapazi likhoza kukhala shuga. Ng'ala imachotsedwa, ndipo chipatala cha Nkhoma chinatchuka ndi ntchito imeneyi. Za ndodo ndiye pali nkhondo. Bambo wachingoni adzanyamula chibonga kuchokera m'mawa mpaka usiku, koma mukamupatsa ndodo yoyendera akufunsani ngati mwamuona kuti wakalamba. Musalimbane naye. Muuzeni kuti ndi chibonga chachitali cha agalu olusa, achitenga.

Pali kugwa kumodzi komwe sindingakuseke. Gogo amene mutu wayamba kuiwala amatuluka usiku, n'kusochera, n'kugwa kuseri kwa nyumba ya eni. M'mawa anthu akamupeza sathamangira kumudzutsa, amathamangira kunena kuti wagwa m'ndege ya ufiti, ena n'kutola miyala. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Wogwa chotere afunika bulangete ndi chipatala. Ngati akulephera kuponda mwendo, musamuimiritse mokakamiza kapena kumutema mphini, munyamuleni bwinobwino apite akajambulidwe.

Amayi a Mvano, a Dorika ndi magulu ena onse a kumpingo, mphindi khumi msonkhano usanayambe n'zokwanira kuimirira ndi kukhala kakhumi. Mafumu, bwalo la ngoma lizitseguka ngakhale kulibe nduna yobwera. Inu a m'tauni, mukamapita kumudzi mwezi uno musanyamule shuga ndi sopo zokha. Gulani tochi ndi nsapato zogwira chidendene, salazani njira ya kuchimbudzi, khomani mtengo wogwirira m'bafa, mapatapata osalala aja muwabise. Ndipo mukaimba foni, musanayambe nkhani ya ndalama, yambani mwafunsa kuti, "Agogo, mwaima kapena mukuyenda?"