Maso a Nkhono pa Sikirini ya Kompyuta

Mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha unachokera kwa anthu amene analibe galasi lokulitsira zinthu, kotero kuti wofuna kuona masowo ankayenera kugwada pa dothi lonyowa la m'dzinja, kukhala phee, ndi kudikira mpaka kanyamako katakhulupirira kuti palibe amene akufuna kukaponda. Nkhono ili ndi tinyanga tinayi, tiwiri tatifupi tofufuzira njira ndi tiwiri tatitali timene kunsonga kwake kuli timadontho takuda, ndipo timadontho timeneti ndiwo maso ake. Ikangokhudzidwa imabweza zonse m'chigoba. Akatswiri a zamoyo amanena kuti maso amenewa saona zambiri kupatula kusiyanitsa kuwala ndi mdima, zimene zikutanthauza kuti munthu wodekhayo, atapirira chinyezi ndi kuwawa kwa mawondo, amalandira mphoto yoyang'anizana ndi cholengedwa chimene sichikumuona n'komwe. Makolo sanalonjeze kuti mphotoyo idzakhala yaikulu. Iwo anangotchula mtengo wake.

Poyang'ana mwachiphamaso, mwambiwu unayenera kutha ntchito tsiku limene kompyuta inafika m'timashopu ta ku Nyimba, tauni imene msewu wa Great East Road umadutsa pakati pake, ndi ku boma la Petauke, limene lapatuka pang'ono kuchoka pamsewu womwewo. M'timashopu timeneti, mmene fotokope, kutaipa makalata ndi kujambula zithunzi zimachitikira m'chipinda chimodzi, ndi mmene mumakonzedwa makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, zikwangwani za misonkhano ya mapemphero ndi zithunzi za ofuna ukhansala kapena uphungu wa Nyumba ya Malamulo. Mnyamata wokhala kuseri kwa laputopu safunika kugwada kapena kudikira, chifukwa akadina mabatani awiri chithunzi chimakula kambirimbiri mpaka diso la munthu litadzaza sikirini yonse, kenaka n'kusweka kukhala timabokosi tamitundumitundu totchedwa mapikiselo, timene ndi tinjerwa tomangira chithunzi chilichonse cha pakompyuta. Kuona, kumene makolo ankakuyesa kovuta, kwasanduka chinthu chotchipa kwambiri pantchito yonseyi.

Anthu opanga mapulogalamu akhala akulimbana ndi kudekha kwa zaka zoposa makumi atatu. Photoshop, imene anaiyambitsa abale awiri Thomas ndi John Knoll ndipo kampani ya Adobe inayamba kuigulitsa mu 1990, inalandira mu 1994 zimene zimatchedwa ma layer, kutanthauza timapepala toonekera mkati tosanjikizana, timene wojambula amapakapo utoto osakhudza chithunzi cha pansi. Mu 1998 inalandira mndandanda wokumbukira zimene dzanja lachita, kotero kuti munthu atha kubwerera m'mbuyo masitepe ambiri ngati kuti sanalakwepo chibadwire. Kuyambira mu 2013 pulogalamuyi imalipiridwa mwezi ndi mwezi, ndipo amene thumba lawo silifika kumeneko ali ndi GIMP, imene anaiyamba Spencer Kimball ndi Peter Mattis ali ophunzira ku Berkeley mu 1995, kapena Krita, zonse ziwiri zaulere, osaiwala ibisPaint imene imagwira ntchito pafoni. M'mapulogalamu onsewa utoto sudikira kuuma, sutha m'chitini, sudontha pa malaya, ndipo burashi siuma gwa chifukwa chakuti wophunzira ntchito anaiwala kuiviika mu parafini.

Komabe kudekha kumene kunathamangitsidwa pakhomo kunalowera pawindo, ndipo malo amene kunakakhala ndi m'burashi momwemo. Burashi ya pakompyuta si ubweya womangidwa kumtengo ayi, koma ndi chidindo chimene makina amachidinda mobwerezabwereza m'njira imene dzanja ladutsa, mothithikana kwambiri mpaka madontho aja aoneke ngati mzere umodzi. Wojambula amasankha kukula kwa chidindocho, amasankha hardness, kutanthauza ngati m'mphepete mwake mukhale mwakuthwa kapena mozilala pang'onopang'ono, amasankha flow, kutanthauza kuchuluka kwa utoto wotuluka pa kudinda kulikonse, ndipo koposa zonse amasankha opacity, imene ndi muyeso wa mmene utoto watsopano ukwiririre zimene zili pansi pake. Opacity ikakhala pa 100, mkwapulo umodzi umafafaniza zonse. Ikakhala pa 10, mkwapulo woyamba umakwirira gawo limodzi mwa magawo khumi, wachiwiri umakwirira gawo limodzi mwa khumi la zotsalazo n'kufikitsa pa 19, wakhumi umafikitsa pafupi ndi 65, ndipo kuti afike pa 90 munthu ayenera kudutsa malo amodzimodziwo maulendo 22. Masamu amenewa ndiwo mwambi uja utalembedwa m'manambala, ndipo wophunzira aliyense amawatsutsa sabata yake yoyamba pokankhira muyeso pa 100, chifukwa kwa iye n'zosamveka kuti munthu agule burashi yathunthu n'kumaigwiritsa ntchito gawo limodzi mwa khumi.

Nthochi za ku Nyimba, zimene apaulendo a m'mabasi a ku Chipata amazigulira pawindo, ndi mayeso oyenera kwa wojambula wofuna kudziwa pamene wafika. Wopupuluma amatenga chikasu chimodzi, n'kudzaza nacho phava lonse, ndipo pofuna mthunzi amatenga utoto wakuda n'kupaka m'munsi mwake; zotsatira zake nthochi imasanduka yobiriwira moderako, chifukwa chikasu chikangodetsedwa popanda kusintha china chilichonse chimapita ku mtundu umenewo, ndipo wogula aliyense angaganize kuti inathyoledwa yosakhwima n'kuikwirira m'dzenje. Wodekha amayamba wayang'ana nthochi yeniyeni, n'kuona kuti chakuphata kuli kubiriwira kotsalira, pamsana pali chikasu chowala, m'mbali chikupendekera ku mtundu wa lalanje, m'mizere ya m'mphepete muli kofiirira, ndipo pakhungu pali timadontho timene tikusonyeza kuti mawa idzakhala yokoma kuposa lero. Akaika mitundu iwiri moyandikana, amadutsa pamalire pake ndi burashi yofewa ya opacity yotsika, kenaka amatola mtundu watsopano umene wabadwa pakatipo pogwiritsa ntchito chida chotolera mitundu, chimene mu Photoshop chimabwera munthu akagwira batani la Alt, n'kupakanso, n'kutolanso, mpaka malire aja atasowa popanda amene angaloze pamene athera. Chala chakumanzere chimakhala pa Alt, dzanja lamanja likuyendayenda, ndipo munthu wodutsa pawindo angalumbire kuti palibe chimene chikusintha.

Pali msampha wina umene umakola makamaka amene anaphunzira kusakaniza penti ya m'zitini. Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kwa mitundu itatu, kofiira, kobiriwira ndi kwabuluu, kulikonse kokhala ndi masitepe 256 kuyambira pa 0 mpaka 255, zimene zimapereka mitundu 16,777,216, yochuluka kuposa imene kasitomala aliyense angaikane pa tsiku limodzi. Wolemba zikwangwani za m'magolosale amadziwa kuti buluu ndi chikasu zimabala wobiriwira, koma akasakaniza theka ndi theka buluu weniweni ndi chikasu chenicheni pakompyuta amapeza mtundu wa phulusa, popeza makina sasakaniza utoto koma amangopeza nambala ya pakati. Apa ambiri amathawira ku chida chotchedwa smudge, chimene chizindikiro chake ndi chala choloza, ndipo ntchito yake ndi kukoka utoto ngati mmene chala chimachitira pa penti yaiwisi. Kujambula ndi chala si kwachilendo m'chigawo cha Kum'mawa, pakuti zithunzi zoyera za m'mapanga a Kalemba, Thandwe ndi Mkoma, zimene akatswiri amazigwirizanitsa ndi Nyau ndi chinamwali, zambiri zinapakidwa ndi zala, ndipo zikuonekabe mpaka lero. Kusiyana kwake n'kwakuti makolo aja ankadziwa pochotsera chala, pamene mdzukulu wawo amatikita mpaka mphuno italowa m'tsaya.

Pamenepa nkhani yafika pa nkhope ya munthu, pamene pali ndalama zenizeni za ntchitoyi ndiponso machimo ake aakulu. Khungu lakuda lakhala likulakwiridwa ndi makina kuyambira kale, popeza kwa zaka zambiri malo otsukira mafilimu a Kodak ankalinganiza mitundu potengera khadi lotchedwa Shirley, limene linali ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo nkhope za anthu akuda zinkatuluka zopanda tsatanetsatane. Khungu lakudali silili ndi mtundu umodzi: pamphumi limanyezimira mtundu wa thambo, m'masaya muli kufiirira kwa magazi, pansi pa chibwano pamabwerera mtundu wa chitenje chimene munthu wavala. Amisiri ali ndi njira zawo zolemekezera zimenezi. Ina ndi dodge and burn, dzina lotengedwa ku zipinda zamdima zotsukira zithunzi, ndipo ndi kuwalitsa ndi kudetsa timalo ting'onoting'ono ndi burashi yofooka kwambiri. Ina ndi frequency separation, imene imagawa chithunzi pawiri, mitundu pa layer yake ndi timabowo ta khungu pa layer inanso, kuti munthu asalaze mtundu popanda kupha khungu. Njira zonse ziwiri zimadya nthawi, pamene batani losalaza nkhope yonse limamaliza ntchito munthu asanameze malovu.

Kasitomala nayenso sathandiza. Mayi wachikulire wobwera ndi chithunzi cha pa khadi la ukwati wa mwana wake amanena kuti, "Mwana wanga, undichotseko makwinya awa, koma ndikhale ine ndemwe," ndipo mnyamata amayankha mwaulemu kuti, "Musadandaule amayi, khalani apa," ngakhale akudziwa kuti wapatsidwa malamulo awiri otsutsana. Makwinya oyamba akachoka, mayi amasendeza mpando n'kuloza ena. Ena akachoka, amafunsa ngati makinawo sangawalitseko khungu pang'ono, ndipo mlamu wake amene wangoperekeza amaonjezera nkhani ya mano. Apa ndi pamene mwambi umagwira ntchito yake yonse, chifukwa nkhope imachita chimodzimodzi nkhono: ikakhudzidwa mopitirira, mwini wake amabwerera m'kati, ndipo pa pepala pamatsala chigoba chosalala, chowala, chopanda munthu. Umu ndi mmene zimachitikira kuti pamaliro anthu amatembenuza pulogalamu uku ndi uku pofuna kutsimikiza ngati afika pa siwa yoyenera, pakuti gogo amene analima mtedza ndi thonje moyo wake wonse akuoneka pachikuto ngati sanapsepo ndi dzuwa, ataimirira m'mitambo pakati pa nkhunda ziwiri zofanana ndendende, popeza yachiwiriyo ndi yoyamba yomwe ija atangoitembenuza. Mofananamo, pa nthawi ya zisankho monga za pa 12 August 2021, ovota amadziwa ofuna mipando awiri pa dzina limodzi, wa pachikwangwani ndi wobwera ku msonkhano, ndipo wachiwiriyo amaoneka ngati malume wake wa woyamba.

Chilungamo chikufuna kuti mnyamata wa laputopu uja amveredwe mbali yake. Mabuku ophunzitsa luso limeneli amalembedwa ndi anthu okhala ndi thabuleti yojambulira, monga ya kampani ya ku Japan ya Wacom, imene cholembera chake chimasiyanitsa masitepe 8,192 a kukanikiza kwa dzanja, pamene iye ali ndi mausi imene imadziwa masitepe awiri okha, kudina ndi kusadina. Maliro sadikira kuti masaya asakanizidwe bwino, pakuti thupi likuikidwa mawa m'mawa ndipo akubanja aima pakhomo. Ndiponso m'chaka cha 2024, pamene chilala chinaphwetsa madzi a m'nyanja ya Kariba ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti dziko lili pa ngozi, magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, kotero kuti wojambula wodekha ankatha kufika pa mkwapulo wa 21 mwa 22 ija sikirini n'kuda bii. Anthu a ntchitoyi anaphunzira pamenepo mtundu wina wa kudekha umene makolo sanauganizire, wodikira magetsi mpaka pakati pa usiku, ndi mtundu wina wa changu, wodina Ctrl ndi S pakangopita mphindi zochepa kuti ntchito isungike. Chida cha nzeru zamakina chimene Photoshop inabweretsa mu 2023, chotha kujambula chilichonse chimene munthu walemba m'mawu, chinaoneka ngati chipulumutso, koma nachonso chimafuna intaneti, ndipo chimafuna munthu wodekha woti awerenge zala za mkwatibwi chithunzi chisanapite kosindikiza.

Kosindikizako ndi kumene wodekha ndi wopupuluma amakumana ndi woweruza mmodzi. Makina osindikizira sagwiritsa ntchito kuwala koma inki ya mitundu inayi, cyan amene ndi buluu wowala, magenta amene ndi wofiira wopendekera ku pinki, chikasu ndi yakuda, ndipo mitundu yambiri yowala ya pasikirini ilibe inzake pa pepala, kotero kuti diresi imene inkathobwa m'maso pa laputopu imatuluka yozilala ndipo mkwatibwi amafuna kudziwa amene waichapa. Wodziwa ntchito amayamba wasindikiza kachidutswa kakang'ono n'kutuluka nako panja kukakaona padzuwa asanawononge pepala lalikulu. Koma ngakhale iyeyo sangaletse zimene zimachitika chikwangwani chikakhomedwa pamtengo m'mbali mwa msewu, chifukwa dzuwa la mu October la m'chigawochi limayamba kudya chikasu ndi magenta n'kusiya cyan, ndipo pakapita miyezi ingapo wofuna ukhansala wina, amene anakana kulipira mpaka atamuwalitsa khungu kachitatu, amakhala akumwetulira madalaivala a malole ali wabuluu kuyambira pamphumi mpaka pa tayi.