Chaona Mnzako pa Foni

Mwambi woti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe unapekedwa anthu asanadziwe kubisa nambala ya foni, komabe ukukhudza kwambiri chizolowezi choimbira ena mafoni owapusitsa, chomwe chimafika pachimake pa 1 Epulo. Ku Kalingalinga, ku Zambia, kumene owotcherera zitsulo amayala mageti m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata, nyambo siisowa: woimbayo amanenepetsa mawu nadzitcha bwana wa ku Kabulonga wofuna mageti khumi, ndipo mmisiri amayamba kulonjeza ana nkhuku, anyamata ali kuseri kwa mpanda atagwira nthiti.

Thomas Hobbes analemba m'buku la Leviathan mu 1651 kuti munthu amaseka akazindikira mwadzidzidzi kuti waposa mnzake, pamene Peter McGraw ndi Caleb Warren mu 2010 anati chinthu chimaseketsa ngati chikuphwanya mwambo koma chikuoneka chosavulaza. Chovuta n'chakuti woweruza kusavulazako ndi wosekayo, amene pa foni saona nkhope ya mnzake ikugwa, motero chisoni, chomwe kawirikawiri chimalowera m'maso, chimapeza chitseko chili chotseka. Mu Disembala 2012 namwino wa pa chipatala cha King Edward VII ku London anadzipha patangopita masiku ochepa aulutsi a wailesi ya ku Australia atamupusitsa podzitcha Mfumukazi Elizabeth.

Sikuti anthu a ku Zambia sadziwa kusekana. Chimbuya, chomwe ndi chibale chonyozana mwanthabwala pakati pa Abemba ndi anthu akum'mawa, chimalola wina kutchedwa wodya anyani nayenso n'kubwezera za mbewa, ngakhale pamaliro, koma nthabwalayo imakoma chifukwa onse awiri amadziwana ndipo wonyozedwa amayankha pomwepo. Wopusitsa pa foni amafuna kukoma kwa chimbuya popanda kulandira yankho.

Apa wopusitsayo amaiwala mbali yachiwiri ya mwambi uja. Bungwe la ZICTA, loyang'anira za mafoni, limafuna kuti simu iliyonse ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, koma m'komboni, momwe nyumba zimapumirana, anthu safuna bungwe kuti azindikire mawu a mwana amene anamumva akulira ali wakhanda. Mmisiri uja, podziwa kuti mnyamatayo akusaka ntchito, angapemphe mlamu wake kuti amuitanire ku mayeso a ntchito kutauni, jekete lobwereka lili paphewa.

Mlandu waukulu umagwera amene sanaseke nawo, pakuti mafoni achipongwe, pamodzi ndi mauthenga a akathyali opempha kutumiza ndalama pa nambala yachilendo, aphunzitsa anthu kukayikira aliyense, moti mbale weniweni wochokera ku Chipata, amene wasowa ya minibasi pa siteshoni ya mabasi ya Intercity n'kubwereka foni ya munthu wina, amauzidwa mwaulemu wonse kuti akayesere ena.