Ulemu kwa Phulusa, Nkhoswe ya Kudzala

Mwa onse oyanjanitsa adani m'dziko muno, wofatsa kuposa phulusa sindinamuone. Silifuna chabwalo, silivala mkanjo. M'mawa uliwonse amaliwola pamafuwa n'kukalitaya kudzala, ilo duu, osadandaula.

Koma mlandu wa asidi ukabuka, amene amathamangiridwa ndi lomwelo. Akatswiri amayeza ukali wa zinthu pa sikelo ya pH, imene Søren Sørensen anaiyambitsa ku Copenhagen mu 1909. Pa 7 ndi pamtendere, pansi pake ndi kwa asidi, pamwamba ndi kwawo kwa phulusa. Awiriwa akakumana amathana mphamvu, kutsala madzi ndi mchere basi. Munda umene wathiridwa yureya zaka ndi zaka umayamba kuwawasa, chimanga n'kumanyentchera ngakhale mwini wake akuwonjezera matumba. Wa ndalama amagula laimu. Wosauka ali ndi nkhoswe yathuyi, yodzaza kashiamu ndi potaziyamu, yaulere. Potaziyamuyo, pamene Humphry Davy ankamupatula koyamba ku London mu 1807, anamutenga ku potashi, mwana wobadwa m'phulusa. Dzina linamveka ndi la Davy. Phulusa silinaitanidwe n'komwe.

Nanga kukhitchini? Amayi akatentha zitsononkho kapena makoko a nyemba n'kucheza chidulo m'kachitini koboola, chigwada chouma mtima chimagonja, therere n'kumanyololoka mokoma. A zachakudya amadandaula kuti chidulo chimapha mavitamini ena m'ndiwo, makamaka vitamini C. Akunena zoona. Koma inu munaiona kuti nkhoswe yoweruza mlandu, aliyense n'kuchoka pabwalo osataya kanthu?

Kuchimbudzi, kumene olemekezeka onse amapita mozemba, ilo limalowa masana dzuwa likuswa mtengo, kukaziziritsa fungo ndi kukhumudwitsa ntchentche. Sopo akatha limasambitsa m'manja, poto wakuda bii limamuwalitsa. Malipiro ake ndi tsiku limodzi pachaka, Lachitatu la Phulusa, pamene limakwera pamphumi pa Akhristu n'kuyenda nawo mumsewu mpaka thukuta litalitsitsa.

Ukali nalonso lili nawo, tisaname. Mukalisakaniza ndi yureya kapena feteleza wina wa amoniya, naitirojeni amauluka n'kupita mumpweya, ndalama zanu n'kutsatira komweko. Mukalithira mowirikiza pamalo amodzi, nthaka imadumpha 7 uja n'kukagwera tsidya linalo, ndipo pamenepo nkhoswe ija imafunikanso nkhoswe yake.