Thandizo loperekedwa: tamupepesa

Lamulo la mu 1997 loona za chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito limafuna kuti pamalo a ntchito pakhale bokosi la thandizo loyamba, komanso kuti ngozi zizilembedwa m'buku. Bukulo mizere yake ndi yosavuta: tsiku, nthawi, dzina la wovulala, chomwe chamuvulaza, thandizo lomwe walandira, kenako wothandizayo asaine. Koma zomwe amalembamo anthu, abale inu, aphungu opanga lamulolo sanazilote n'komwe.

Pa fakitale ina ku Kanengo mnyamata anadzicheka ndi lata pachikhatho. Bokosi lilipo ndithu, lapentedwa bwino, lili pakhoma poonekera, loko wake ngati wa pagolosale. Kiyi ali ndi akapitawo. Akapitawo ali kumaliro ku Ntcheu. Kalaliki, munthu wopemphera wosafuna bodza, analemba kuti: "Thandizo: tamupepesa." Patapita masiku awiri anawonjezera pansi pake: "Akapitawo abwera. Nawonso amupepesa. Kiyi aiwala kumudzi."

Kwina, pa shapu ya akalipentala, kunafika woyendera malo a ntchito wochokera ku Unduna wa Zantchito. Atatsekulitsa bokosi anapeza shuga, paketi ya Chombe, masupuni awiri ndi theka la buledi. Ndi bokosi lokhalo pamalopo lomwe mbewa zinalilephera.

"Nanga thonje, jivi, pulasitala, zili kuti?"

Mlonda wachikulire anavula chipewa mwaulemu. "Bwana, ine ndili pano kuyambira nthawi ya Kamuzu. Wodulidwa chala ndaonapo mmodzi. Okomoka ndi njala ndiye ndinasiya kuwerenga."

Buku lina ndi la mutu wokhawokha, ndipo mutuwo umadziwa kalendala. Sabata zitatu anthu ali gwa. Lolemba lotsatira malipiro tsamba ladzaza: mutu, Panado awiri, mutu, Panado awiri, mutu ndi chizungulire, Panado awiri ndi madzi ambiri. Pamzere wa malo a ngozi mayi wosunga bukulo amangolemba kuti: "Kunja kwa mpanda, Loweruka usiku."

Ine chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi mzere wa chochititsa ngozi, chifukwa pamenepo m'pomwe anthu amakangana. Abwana amafuna palembedwe "kusasamala". Wovulala amafuna palembedwe zina. Pachigayo china lamba anakoka mkono wa malaya a bambo wina n'kumusupula pachigongono. Akumumanga bandeji anati:

"Achimwene, mulembe bwinobwino. Izi si za pano ayi. Ndi azakhali anga a ku Dedza, tikulimbirana dimba."

"Koma madala, chotchingira lambayu munachotsa ndinu sabata yatha."

"Nanga amene anandiuza mumtima kuti ndichotse ndani?"

Wolembayo sanafune kukhumudwitsa aliyense. Analemba kuti: "Lamba alibe chotchingira. Mwini mkono akuti ndi azakhali." Chotchingiracho anabwezeretsa tsiku lomwelo, ndipo chiyambire pamenepo azakhali aja akuoneka kuti anakhululuka.

Palinso akapitawo ena omwe amadana ndi bukuli chifukwa limadetsa lipoti la kumapeto kwa chaka. Munthu akabwera magazi ali chuchuchu, funso loyamba si "wavulala pati" koma "sunabwere nacho kunyumba chimenechi?" Apa nthabwala zimayamba kuwawa. Lamulo la chipepeso cha ovulala pa ntchito la mu 2000 limati wovulala ali pa ntchito alipidwe, koma ku ofesi ya leba sakamva za "anzanga onse anaona". Anzakowo nawo ali ndi ana oti adyetse, tsiku lofunsidwa aliyense amakhala kuti anali kuchimbudzi. Kabala ka msomali komwe lero ukuti n'kachabe, pakapita masiku phazi latupa, mwina kafumbata walowa, ndipo abwana akulumbira kuti unaponda chitsa kumunda kwako. Mzere umodzi wokhala ndi tsiku ndi nthawi ukanatseka pakamwa onsewo.

Mkulu wina womanga nyumba zinamuonekerapo zotere, chipepeso n'kumudutsa pamphuno. Chichokereni kuchipatala anasanduka kasitomala wamkulu wa bukulo. Kachitsotso m'diso, akalembetsa. Nyerere yamuluma, akalembetsa, ndipo amaimirira pomwepo mpaka aone kuti asaina. Tsiku lina anafika akutsimphina pang'ono.

"Lembani. Njerwa yagwa."

"Yakugwerani pati, bambo?"

"Sinandigwere. Yagwa apo, ine ndili apa. Koma mtima wagunda."

Kalaliki anapumira m'mwamba, n'kutenga cholembera. "Thandizo ndilembe chiyani?"

"Lembani kuti ndapuma mphindi makumi atatu. Ndikukayamba panopa."