Munthu si apozi, a Cézanne

Ku Paris, m'nyumba yoonetseramo zithunzi ya Petit Palais, muli chithunzi cha bambo wina wandevu, wavala suti yofiirira, wasanjikiza miyendo, buku lili pamwendo, maso ali pansi. Ameneyo ndi Ambroise Vollard, wogulitsa zithunzi, ndipo anamujambula ndi penti mu 1899 ndi Paul Cézanne wa ku Aix-en-Provence. Akatswiri akachiona amakamba za mitundu ndi mizere. Ine ndimangoona mnzanga amene tulo tamugwira.

Vollard anali atamuthandiza Cézanne. Mu 1895 ndiye anayamba kuonetsa zithunzi zake pazokha, nthawi imene anthu ambiri ankazinyoza. Malipiro ake anali otani? Kumukweza pampando wosanjika pa bokosi logwedera, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka chakumasana, osasuntha, osayankhula. Malinga ndi zimene Vollard mwini wake analemba, anakhala pamenepo maulendo 115.

Tsiku lina anaodzera, n'kugwa pansi pamodzi ndi mpando. M'malo momufunsa ngati wavulala, Cézanne anamukalipira kuti adzikhala ngati apozi, poti apozi sasuntha. Apa ine ndili kumbali ya Vollard. Ine amene m'busa akangoti "tiyeni titsegule Baibulo" mutu wayamba kale kulemera, mpaka mayi a kunyumba kundigunyuza ndi chigongono, bwenzi nditagwa tsiku loyamba lomwelo. Ngakhale chithunzi cha pachitupa changa chinatuluka diso limodzi lili chotsinzina, chikhalirecho wojambulayo anangondipempha masekondi awiri.

Koma tisanamizane, Cézanne ntchito ankaidziwa. Taonani malaya oyera a pachifuwapo. Muli timadontho tobiriwira ndi totuwa tosanjikizana, moti nsaluyo ikuoneka yokhuthala ndi yowala m'chipinda chamdimacho. Atatha maulendo onse aja, akuti Cézanne ananena kuti sanakhumudwe ndi mbali ya malayayo. Malaya okha! Nkhope, ndevu ndi msana wowawa wa mwini wake, zimenezo sanazitchule.

Pa dzanja la Vollard pali malo awiri ang'onoang'ono opanda penti. Atafunsa, Cézanne anamuuza kuti akapakapo mtundu wolakwika, chithunzi chonse ayambiranso kuchokera pomwepo. Vollard sanafunsenso. Nanga akanatani?

Mkazi wa Cézanne, Hortense Fiquet, nayenso anajambulidwa ndi mwamuna wakeyo pafupifupi ka 30, ndipo n'kovuta kupeza pamene akumwetulira. Ena amati anali wamsunamo. Ine sindimuweruza mayiyo.

Cézanne anabwerera ku Aix chithunzi chisanathe, ndipo anamwalira mu 1906 madontho awiri aja adakali osapakidwa. Dziko limamutama kuti ndi tate wa zojambula zamakono, ndipo ine sindikutsutsa. Koma mendulo ya chithunzi ichi ipite kwa Vollard.