Ndikufuna ntchito ya galu wa Pavlov

Usipa wakweranso mtengo. Alovi akuti vuto ndi mafuta a injini, mwini boti akuti vuto ndi dola, koma dolayo sanafikepo pa doko pano pa Nkhotakota kuti timufunse maso ndi maso. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chigoba chomwe ndinkagula osaganiza kawiri ndimayamba ndachizungulira, kuchinunkhiza, kufunsa wogulitsa za moyo wa ana ake, kenako n'kutsanzika mwaulemu. Koma chondiwawa kwambiri si mtengowo ayi. N'choti m'bandakucha injini ikangolira pakati pa nyanja, m'kamwa mwanga mumasefukira malovu, chonsecho m'thumba mukungowomba mwera.

Mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira zauphunzitsi atandipeza ndikumeza malovuwo, anati, "Malume, inu ndiye galu wa Pavlov weniweni." Ndinaunguza nkhafi yoti ndimukumbutsire mwambo, koma anafulumira kufotokoza.

Akuti Ivan Pavlov anali wasayansi wa ku St Petersburg, ku Russia, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 1904 chifukwa chofufuza mmene chakudya chimagayikira m'mimba. Mkuluyu anaona kuti agalu ake ankachucha dovu akangomva mapazi a munthu wowapatsa chakudya, nyama isanaoneke n'komwe. Ndiye anayamba kuliza kachipangizo kogogoda ngati wotchi, n'kupereka nyama, kulizanso, kuperekanso nyama. Mapeto ake kugogoda kokhako kunkatulutsa dovu, iye ali kalikiliki kuwerenga madontho odzera m'kapaipi komwe anaika pa tsaya la galuyo.

Ine zonsezo ndinamvapo chimodzi: kugogoda kukatha, nyama inkabwera.

"Tsiku lililonse?"

"Eya, malume, pa nthawi yophunzitsayo."

Abale anzanga, imeneyo ndi ntchito yaulemu. Nyumba yaulere, chakudya pa nthawi yake, bwana wa Nobel, iwe udindo wako kungochucha dovu basi. Inetu dovu ndimachucha ulere, popanda ndi alawansi yomwe. Luso ndili nalo, ndipo mboni zanga ndi doko lonse, kuyambira pa boma mpaka ku Chia.

Mnyamatayo anandidula chimwemwe. Akuti Pavlov anapezanso kuti ukamangoliza osapereka nyama, galu amazindikira, dovu limauma. Apa ndiye ndinachita manyazi. Ine injini yakhala ikundinamiza kuyambira kalekale, koma mpaka lero ndimathamangira ku doko nsapato kumanja. Ndiye kuti pa intaviyu galuyo angandipose.

"Chifukwa chake, malume, ndinunso nkhunda ya Skinner." Mwana wa mlongo wangayu sadziwa kuti malume ndi amene adzamuyankhulire ukwati. B.F. Skinner wa ku Harvard, ku America, ankatsekera khoswe kapena nkhunda m'bokosi: ikadina kachitsulo kapena kujompha kabatani, chakudya chimagwa. Pavlov ankaphunzitsa thupi kuyembekezera, pamene Skinner ankaphunzitsa nyama kuchita chomwe chimalipira. Ndipo anatulukira chinthu choopsa. Mphoto ikamabwera mwa apo ndi apo, osadziwika kuti ibwera liti, nyama siisiya msanga, imangojompha ngakhale chakudya chitaleka kugwa. Ndinakumbukira tsiku lija mlovi wina anandiponyera usipa wa ndiwo waulere. Ndinakumbukiranso kandege ka pa foni kamene kanandipatsapo kangachepe ulendo wina, n'kuuluka ndi ndalama ya feteleza. Foni ndinaibisa m'thumba, n'kusintha nkhani.

Koma usiku tulo sindinatione. Nyengo ya kampeni, galimoto ya zimkuzamawu ikangokhota kuchoka mu M5, mudzi wonse timasiya usipa pa thandala n'kuliyatsa liwiro, dovu lili chuchuchu. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa tizinthu tokopera mavoti, koma miyendo yathu lamulolo sinaliwerenge. Timakonda kudandaula kuti andale anatiweta. Ine ndikuti amene ali m'bokosi ndi iwowo, ndipo Skinner wake ndife. Akagawa chitenje ndi kandalama ka sopo, voti imagwa pompo. Wina akalimbikira za mankhwala kuchipatala kapena mlatho wosakokoloka, timati ngouma manja, n'kumugwetsa. Khoswe aliyense wanzeru angadine kachitsulo kati? Mayi akabwezedwa kuchipatala ndi kapepala koti akagule yekha mankhwala, mwana akutentha thupi kumsana, tisamadabwe kuti atsogoleri otere anachokera kuti. Anaphunzira pa sukulu yathu, ndipo anakhoza bwino.

Basi, ndabwebweta. Tibwerere ku nkhani ya ntchito.

Kalata yofunsira ugalu ndinalemba ndithu, pa pepala la m'kope la mwana, ndi masiginecha a mboni ziwiri. Mwana wa mlongo wanga uja akuti Pavlov anamwalira mu 1936, choncho ndinaipereka kwa mayi a kunyumba, poti nawonso akangogogoda mthiko pa mphika ndimapezeka nditasamba kale m'manja. Anaiwerenga modekha mpaka pa mzere womaliza.

"Bambo, galutu amalondera usiku. Inu mkonono wanu umamveka mpaka ku Dwangwa."

Akuti ndidzayesenso chaka chamawa malo akadzapezeka, koma pakadali pano akufuna munthu wotsuka mbale.