Bongololo sadzolera mafuta pagulu

Akuluakulu anati bongololo sadzolera mafuta pagulu. Kusukulu anatiuza kuti mwambiwu ukutanthauza kuti chinsinsi sachiyanika pabwalo, za m'nyumba zithere m'nyumba. N'zoona ndithu. Koma ine ndikukayikira kuti bongololoyo ali ndi chifukwa china chimene sanauze munthu.

Tayang'anani thupi lake. Pafupifupi pamphete iliyonse pali miyendo inayi. Mu 2021 akatswiri analengeza za bongololo wina wa ku Western Australia amene anamuwerengera miyendo 1,306. Ndiye mwini miyendo yotereyi akhale pansi pamsika n'kuyamba kuidzoza umodziumodzi, anthu ataunjikana. Sipangalephere kupezeka wina wofunsa kuti, "Pepani achimwene, kodi mukamanyamuka mumayamba ndi mwendo uti?" Ulendo wathera pomwepo. Bongololo akangoyamba kuganiza za mwendo wa nambala 412, dzuwa limulowera ali pamsika pomwepo.

Ife tili nayo iwiri yokha, koma tsoka lake ndi lomwelo. Mtsikana amene wakhala akuyeserera masitepe a ukwati mwezi wathunthu amavina mosalakwitsa kuseri kwa nyumba. Tsiku la ukwati, polowa muholo, mafoni onse atamuloza, amayamba kudzifunsa ngati ndi wamanzere kapena wamanja, ndipo amaponda mnzake wakutsogolo. Mkamwini amene wadya nsima moyo wake wonse, akakhala pamphasa imodzi ndi amalume a mkazi wake, mbamu imaiwala njira ya kukamwa ndipo msuzi umatera pamalaya. Wophunzira galimoto amene dzulo ankaimitsa bwinobwino pachitunda, lero woyesa wakhala pambali pake ndi cholembera, phazi layamba kunjenjemera paklatchi ndipo galimoto yazima katatu. Palibe amene wawalodza anthuwa. Angodzolera mafuta pagulu.

Nkhani ili mu ubongo. Munthu akamaphunzira chinthu chatsopano, mbali yakutsogolo ya ubongo, yomwe imaganiza ndi kulingalira, ndiyo imatanganidwa kwambiri. Akabwereza kambirimbiri, ntchito yambiri imasiyidwa m'manja mwa mbali zina, monga cerebellum, kaubongo kakang'ono ka kunkhongo, ndi basal ganglia zomwe zili mkati mwenimweni. Izi zimayendetsa minofu mwachangu, zimakonza zolakwika munthu asanadziwe n'komwe kuti analakwitsa. Mbali yoganiza ija ndi yanzeru koma ndi yochedwa. Ili ngati bwana amene anasiya kalekale kugwira makina, koma akamva kuti kukubwera alendo amatuluka muofesi, n'kuima kumbuyo kwa mmisiri ndi kuyamba kumuuza kagwiridwe ka sipanala. Mmisiri manja amauma, ntchito n'kuonongeka, bwana n'kumadabwa kuti antchito a masiku ano atani.

Zimenezi zinayesedwa. Mu 1998 Gabriele Wulf ndi anzake ku Germany anaimika anthu pamakina oyeserera masewera otsetsereka pachipale chofewa. Ena anawauza kuti aike maganizo pamapazi awo, ena pamawilo a makinawo, amene anali pansi pa mapazi omwewo. Kusiyana kwake kunali mawu ochepa chabe, koma oganiza za mawilo ndiwo anaphunzira bwino. Mu 2005, pakafukufuku wina amene Wulf anachita nawo, anthu ankaponya mpira wa basketball atawamata zipangizo zoyezera mphamvu ya minofu pamkono. Akaganiza za kapindidwe ka dzanja lawo, minofu inkalimbika kwambiri koma mpira unkaphonya kawirikawiri. Akaganiza za mkombero wa golo, minofu inkagwira ntchito pang'ono koma mpira unkalowa bwino. Ndiye kuti wodziyang'anira amalipira kawiri: amatopa kwambiri, n'kuphonyanso.

Sian Beilock ndi anzake anachita zawo mu 2002 ndi osewera mpira wa miyendo. Anawauza kuti ayendetse mpira mokhotakhota pakati pa zizindikiro. Akatswiri akauzidwa kuti azisamala mbali ya phazi imene yakhudza mpira, ankachedwa. Akawapatsa mawu oti azimvetsera kuti maganizo achoke kuphazi, ankathamanga bwino. Koma ongoyamba kumene zinali zosiyana: iwo kuganiza za phazi kunkawathandiza. Ngakhale akatswiri omwewo, akagwiritsa ntchito mwendo umene sanauzolowere, kuusamala kunkawathandiza. Apa mpamene pali nzeru ya mwambi uja. Sunanene kuti bongololo sadzola mafuta. Amadzola, mwendo uliwonse, mofatsa, koma kuseri. Poyeserera ndi pamene munthu ayenera kufunsa za chigongono, bondo ndi chidendene. Likafika tsiku lake, maso pagolo.

Okonda mpira sadzaiwala usiku wa pa 2 July 2010 ku Johannesburg. Ghana ikusewera ndi Uruguay, Luis Suárez anatchinga mpira ndi manja pamzere wa golo m'mphindi yomaliza ya nthawi yoonjezera. Asamoah Gyan, amene anali atagoletsa kale mapenate awiri mumpikisano womwewo, anaika mpira pansi Africa yonse itasiya kupuma. Mpira unagunda chitsulo chapamwamba. Patangopita mphindi zochepa, pamapenate olekanitsa matimu, munthu yemweyo anamenya yoyamba ya Ghana n'kugoletsa mwaukhondo. Mwendo unali womwewo, ndipo sunaiwale kanthu. Chimene chimasintha panthawi zotere ndi katundu amene wasenzedwa pamutu. Akatswiri amati munthu akapanikizika, bwana uja amatuluka muofesi.

Vuto la masiku ano ndi lakuti kuseri kunatha. Kale munthu ankapunthwa pamaso pa anthu asanu, nkhani n'kuthera pachitsime. Lero ukaterereka paukwati ku Area 25, madzulo msuweni wako wa ku Cape Town akukutumizira kanema wako yemwe pa WhatsApp, wina atamuikira kale nyimbo. Choipa kwambiri n'chakuti kamera ija yalowa m'mutu. Anthu akuvina akudzionera pafoni, akuyenda akulingalira mmene akuonekera kumbuyo, ena akunyamula zitsulo maso ali pagalasi. Munthu wasanduka wovina ndi woonerera nthawi imodzi, ndipo woonererayo ndi wamwano kuposa onse.

Alangizi nawo achuluka. Mwana akukwera njinga koyamba pamsewu, bambo akuthamanga kumbuyo akukuwa: "Wongola msana! Gwira bwino! Usagwedeze mikono! Samala dzenjelo!" Mwana amayang'ana mikono, amayang'ana dzenje, n'kulowamo mwaulemu monga mwa malangizo. Mayi amene anaphunzitsa mwana kusenza ndowa yodzaza samuuza za minofu ya khosi. Amangoti, "Yang'ana kutsogolo, tiye." Khosi limadziwa lokha chochita.

Choncho inu akochi a m'mabwalo a fumbi, inu alangizi a masitepe a ukwati, inunso amuna amene mukuphunzitsa akazi anu galimoto banja n'kutsala pang'ono kutha, sinthani mawu. M'malo moti "pinda bondo", nenani "ulowetse pakona yakumanzere". M'malo moti "phazi lichoke pang'onopang'ono", nenani "imva mmene injini ikulirira". Ndipo amalume, mkamwini akamadya musamuyang'ane m'manja. Mufunseni za mtengo wa feteleza. Adzadandaula mpaka mbale kuyera, osadontheza msuzi ngakhale dontho limodzi.